Kalata kwa mnzanga: za Maule, Blantyre ndi mzinda wa eni ake

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko ku Johannesburg pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno ku Lilongwe tonse tili moyo. Titalankhulana pa foni mwezi watha munandifunsa ngati zaka zonse zimene ndakhala kuno ku likulu sizinandifewetse mtima mpaka kuyamba kuchemerera Silver Strikers. Ndinakuyankhani mwachidule kuti zimenezo sizingatheke, koma funsolo lakhala likundizungulira m'mutu, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndikhale pansi ndikulembereni zonse monga zilili.

Ndikadali wa Maule, timu yathu ya Bullets, monga munandisiya. Simungaiwale mmene tinkatsikira wapansi kuchokera ku Ndirande, kudutsa m'mafakitale a ku Makata mpaka ku bwalo la mpira la Kamuzu ku Chichiri, m'thumba mulibe ngakhale ndalama ya mtedza, n'kuima panja pa mpanda kumvetsera phokoso la anthu pofuna kudziwa ngati chigoli chalowa kwathu kapena kwa eni ake. Tsiku limene tapeza ndalama yolowera tinkathamangira ku Biafra, mbali ya bwalo ya ochemerera Bullets, kumene munthu sunkakhala pansi ngakhale dzuwa liswe mtengo. Pa masitepe a simenti amenewo ndi pamene ndinaphunzira kuti ndine wa ku Blantyre, ndipo mpaka lero sinditha kulekanitsa chikondi changa pa Bullets ndi chikondi changa pa mzindawo.

Masiku amenewo mdani wathu anali mmodzi, Wanderers, Manoma a ku Lali Lubani. Koma ndikaganiza bwino tsopano, udani umenewo unali mkangano wa pachibale. Paja Bullets inabadwa mu 1967 kuchokera mwa osewera amene anapatuka ku Wanderers komweko, choncho ngakhale tinyozane bwanji, mizu yathu ndi imodzi. Wa Nyerere, wochemerera Wanderers, timamutcha neba chifukwa ndi nebadi. Timakwera naye minibasi imodzi ya ku Limbe, timagula tomato pa msika umodzi, ndipo maliro akagwa timakumba naye manda. Akatichinya Loweruka, Lolemba ankabwera yekha pakhomo kudzatiseka, ifenso tinkadziwa kuti tsiku lake likubwera. Kugonja kwa mtundu umenewo kumawawa masiku atatu basi, chifukwa chikho chikapita kwa neba chimakhala chidakali mumzinda wathu.

Za Silver ndi zina. Timuyi inakhazikitsidwa mu 1977, patangopita zaka ziwiri likulu la dziko litasamuka ku Zomba kubwera kuno mu 1975, ndipo kuyambira pachiyambi ili m'manja mwa Reserve Bank. Ife a ku Blantyre tinkainena kuti ndi timu ya ndalama yopanda anthu, pamene yathu ndi timu ya anthu. Ndivomereze kuti m'mawu amenewo munali nsanje. Ifenso takhala tikudalira matumba a ena, monga maina athu akuchitira umboni: Bata Bullets, Total Big Bullets, Bakili Bullets, kenako Nyasa Big Bullets. Kusiyana kwake n'kwakuti otithandiza ife ankabwera n'kupita, ndipo thandizo la a Muluzi litatha timu inasauka mpaka masapota kumasonkha okha ndalama, pamene ku Area 47, kwawo kwa Silver, banki sinasunthe. M'zaka zomwezo, pakati pa 2008 ndi 2013, Silver inatenga ligi kangapo, ndipo ndi nthawi yomweyo imene ntchito inandibweretsa kuno. Ndinafika mumzinda wa eni ake eni akewo ali pachimake, moti ku ofesi Lolemba lililonse ndinkamwa tiyi mutu uli pansi.

Komabe chimene chimandipweteka kwambiri si zikho. Zikho tazitenga zambiri: ligi kasanu motsatizana kuyambira 2018 mpaka 2023, ndipo mu 2023 momwemo, pansi pa Kalisto Pasuwa, tinasesa ligi, FDH Bank Cup, Airtel Top 8 ndi Castel Challenge Cup, osasiyira mnzathu aliyense kanthu. Chondipweteka n'chakuti mpira weniweniwo ukutsatira boma kusamukira ku Lilongwe. Inu mukukumbukira 2004, pamene anyamata a Kinnah Phiri anatulutsa Orlando Pirates ya kwanuko n'kulowa m'ndime ya magulu ya CAF Champions League, ndipo Enyimba, Étoile du Sahel ndi Africa Sports zinachita kubwera ku Blantyre kudzakumana nafe. Lero bwalo la Kamuzu lakalamba, mbali zina za masitepe anazitseka kalekale chifukwa cha ming'alu, ndipo silivomerezedwa kuchititsa masewero akuluakulu a CAF. Bwalo la Bingu linatsegulidwa mu 2017, ndipo masiku ano Flames ikamati ikusewera pakhomo, kawirikawiri ndiye kuti ili pa bwalo limeneli kuno ku Area 48.

Mu 2023 Bullets inalandira TP Mazembe pa bwalo lomwelo la Bingu, ndipo ine ndinalipo. Kwa ine unali ulendo wa mphindi zochepa pa kabaza, koma ndinaona mabasi a ochemerera anzathu akufika atayenda makilomita oposa 300 pa msewu wa M1, kudzera pa Zalewa, Ntcheu ndi Dedza, kuti adzaonere timu yawo ikusewera "pakhomo". Bambo wina wachikulire amene ndinakhala naye pafupi anali atanyamuka ku Bangwe usiku, atavala jezi yofiira yakale yosuluka m'mapewa, ndipo ananyamula mbatata yophika m'kajumbo kuti asawononge ndalama yobwerera. Tinagonja tsiku limenelo, koma chimene chinandikhala pamtima ndi nkhope ya bamboyo poyang'ana denga ndi mipando ya bwalo latsopanolo. Sananene mawu oipa alionse. Anangopukusa mutu n'kunena kuti kwathu kulibe chotere.

Pali chinthu china chimene ndiyenera kuchinena mwachilungamo. Tsiku limenelo bwalo linafiira, ndipo ambiri mwa ovala zofiirawo sanachokere ku Blantyre ayi. Anali a ku Kawale, a ku Chinsapo, a ku Area 25, anthu obadwira konkuno amene mwina sanapondeko pa Ginnery Corner. Zimenezi zinandisangalatsa komanso kundisokoneza, chifukwa ine ndinkaganiza kuti kukonda Bullets ndi kukonda Blantyre, pamene iwo amaikonda popanda Blantyre. Ndinazindikira kuti mkangano wa mizinda iwiriyi ndimausenza ndine ndi anzanga amene tinasiya kwathu, osati aliyense wovala jezi yofiira.

Chaka cha 2024 ndicho chinandiyesa koposa. Silver inatilanda ligi, ndipo mphunzitsi wake anali Peter Mponda, kaputeni wathu wakale, munthu amene tinamuimbira nyimbo kwa zaka zambiri. Anzathu ena anamunena kuti ndi wogulitsa, koma ine sindinavomereze, chifukwa uphunzitsi ndi ntchito ndipo munthu amapita kumene waitanidwa, monganso ine ndinabwera kuno ndipo inu munapita kumeneko. Atabwerera ku Bullets chaka chotsatira, omunyoza aja ndi amene anali patsogolo kumulandira.

Tsopano ndifike pa nkhani imene sindinakuuzeni pa foni. Mwana wanu wachisamba uja, amene munamusiya akukwawa, ndi wa Silver. Sindinamve kwa munthu. Tsiku lina ndikuchokera ku ntchito ndinapeza pa chingwe cha zovala, pambali pa jezi yanga yofiira, payanikidwa kajezi kobiriwira ngati thambo, kogula pa kaunjika ndi ndalama zimene ankasunga yekha. Ndinaima pamenepo kwa kanthawi chikwama chili m'manja. Madzulo nditamufunsa sanachite mantha. Anandiyankha mwaulemu kuti ine ndinabadwira ku Ndirande ndipo ndimachemerera timu ya kwathu, iyenso anabadwira ku Lilongwe ndipo akuchemerera timu ya kwawo. Ndinasowa chonena, achimwene, chifukwa mfundo imene anandigonjetsa nayo ndi yomweyo imene ndakhala ndikuima nayo moyo wanga wonse. Chimene chinandilasa si dzina la timuyo, koma mawu akuti "kwathu", amene m'kamwa mwa mwana wanga satanthauza Blantyre.

Sindinamuletse, ndipo sindidzamuletsa. Chimene ndinamuuza n'chakuti ku mpira waukulu sapita yekha. Pa 6 July 2017 anthu asanu ndi atatu, ambiri mwa iwo ana, anafa popondana pa zipata za bwalo la Bingu tsiku limene Bullets inkasewera ndi Silver pa chikondwerero cha ufulu, ndipo kholo lililonse la mumzinda uno limakumbukira tsiku limenelo likaona khamu pa geti. Choncho ndimamuperekeza ndekha, ngakhale ku Silver Stadium. Ndimakhala pambali pake pakati pa ochemerera timu imene ndakhala ndikuifunira zoipa kwa zaka zambiri, ndipo ikagoletsa iye amadumpha n'kundiyang'ana kuti aone nkhope yanga. Sindiwomba m'manja, koma ndimamugwira paphewa. Tsiku limene timu zathu zikumana timachoka pakhomo limodzi, wina chofiira wina chobiriwira, ndipo pobwerera mmodzi wa ife amakhala chete njira yonse. Mayi ake ndi amene amadziwa zotsatira pongoona amene wayamba kulowa m'nyumba.

Ndikufuna kuti mwanayu akaone kumene zonsezi zinayambira bwalo la Kamuzu lisanatheretu. Ndakonza zoti ndipite naye ku Blantyre tsiku limene Maule adzakumane ndi neba, tikayende wapansi kuchokera ku Ndirande kudzera ku Makata monga tinkachitira, kuti akamve yekha phokoso lija tisanafike n'komwe pa geti. Sindikuyembekeza kuti akavula jezi yake, koma ndikufuna akadziwe chimene bambo ake amatanthauza akamati kwathu. Ngati tchuthi chanu chingagwirizane ndi tsiku limenelo, bwerani tidzapite atatu, ndipo mundidziwitse msanga kuti ndikonze za mayendedwe. Mundiuzenso za ana anu kumeneko, ngati ali a Pirates kapena a Kaizer Chiefs, komanso ngati munawafotokozerapo zimene tinawachita a Pirates mu 2004.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana onse.

Ndine mnzanu wa ku Ndirande.