Sewero la ana lidalakwa chiyani?

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yanu pa zimene zidachitika tsiku lotsekera teremu pa sukulu ina ya pulayimale kuno ku Dedza. Nkhaniyi yazungulira kale m'magulu a WhatsApp a makolo, koma ikukambidwa mokhotetsa ngati olakwa ndi ana athu. Wolakwa ndi wapampando wa komiti ya sukulu, amene adaimirira sewero lili pakati, kulanda chimkuzamawu m'manja mwa mphunzitsi, n'kulengeza kuti zausatana sizichitika pabwalo la sukulu iye ali pampando.

Zausatana zake ziti? Ana a Sitandade 7 adapeka okha sewero la kamzimu kena kopulupudza kokhala kwa Chauta, kamene kankabisa mitambo ya mvula ndi kumangiriza pamodzi michira ya mbuzi zakumwamba. Chauta atatopa nako adakatumiza pansi pano ndi lamulo loti kasabwerere kufikira katafewetsa mtima wa munthu mmodzi waumbombo. Kadafika pamsika ngati kamnyamata kosasamba, kakupempha madzi akumwa. Wogula chimanga wolemera adakapirikitsa ndi chikwapu. Mayi wamasiye wogulitsa zitumbuwa adakakhazika pansi, n'kukapatsa chitumbuwa chotsala ndi madzi m'chikho. Apa m'pamene kamzimu kadayamba ntchito yake: ndowa ya wogula chimanga uja, imene adaigogoda kunsi kuti izilowa zambiri, idayamba kutaya, akamasula thumba ankapezamo gaga, pamene lichero la mayi uja silinkatha zitumbuwa ngakhale agulitse chotani. Bwalo lonse lidafa ndi phwete, agogo mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Ndiye bambo wapampando aja n'kuimirira.

Mnyamata amene ankasewera kamzimuko adatsala chilili pakati pa bwalo, kumaso atadzola ufa, atavala chiguduli chobooledwa pakhosi, chitumbuwa chikadali m'manja. Adayang'ana aphunzitsi ake, aphunzitsi n'kuyang'ana pansi. Misozi idatsika ikulemba mizere pa ufawo. Mwana wanga ndiye adali mayi wamasiye uja, ndipo ndi iye amene adandiuza kunyumba mathero amene tidamanidwa: wolemerayo amasauka, mayi yemweyo n'kumudyetsa, iye n'kubweza chimanga kwa onse amene adawabera, ana onse n'kuimba kuti kupatsa n'kuika. Chimenechi ndicho chidaopsa mtsogoleri wathu.

Bambo wapampando, ndi ulemu wonse, ndi satana uti amene mudamumva akuphunzitsa anthu kugawana chakudya? Popeza mumanyamula Baibulo lalikulu kuposa tonse m'dera muno, litseguleni. Ahebri 13:2 akutichenjeza kuti tisaiwale kuchereza alendo chifukwa ena adachereza angelo osadziwa. Pa Genesis 18 Abrahamu adathamangira alendo atatu ku Mamre, kuwaphera mwana wa ng'ombe asadadziwe kuti ndi ndani. Pa Machitidwe 14 anthu a ku Lustra ataona wolumala akuyenda adafuula kuti milungu yatsikira kwa iwo ngati anthu, ndipo maina a milungu ya Agiriki adalembedwa momwemo, m'buku limene mumalalikira. Kodi masamba amenewo mudawang'amba? Nanga Mateyu 25, pamene Ambuye akudzitcha mlendo, wanjala ndi wausiwa, mumawerenga mutatsinzina? Ana aja adalalikira uthenga womwewo bwino kuposa maulaliki ambiri amene ndawamvapo, ndipo sadayendetse mbale ya chopereka.

Chimene chikundipweteka kwambiri n'chakuti izi zachitika ku Dedza. Kuno! Boma limene lili ndi Mua, kumene wansembe wa Katolika, Bambo Claude Boucher, adayambitsa malo a Kungoni m'chaka cha 1976, n'kusonkhanitsa zigoba za Gule Wamkulu ndi matanthauzo ake kuti zisatayike. Wansembe sadaope, koma wapampando wa komiti ya sukulu waopa mwana wodzola ufa. Bungwe la UNESCO lidalemekeza Gule Wamkulu mu 2005 ngati chuma cha dziko lonse lapansi, ndipo aliyense wokulira kuno amadziwa kuti zilombo zambiri za gule zimaphunzitsa mwambo pochita dala khalidwe loipalo pabwalo kuti anthu aliseke, alinyansidwe nalo. Makolo athu adadziwa kalekale kuti munthu waumbombo ukamukalipira amauma mutu, koma mudzi wonse ukamuseka amagona osapeza tulo.

Ndipo dzina loti Chauta silachilendo kuti lidzidzimutse munthu. Agogo athu ankasimba kuti Chauta adatsika ndi mvula pa Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama, pamodzi ndi mwamuna, mkazi ndi nyama zonse, nakhala mwamtendere kufikira munthu adapeka moto n'kutentha tchire, Chauta n'kukwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Ankasimba za birimankhwe amene adatumidwa ndi uthenga wa moyo n'kuchedwa panjira, buluzi n'kumupitirira ndi uthenga wa imfa. Tidamva nthano zimenezi usiku pamoto, Lamulungu n'kupita kutchalitchi, ndipo palibe adasanduka mfiti. Dzina lomwelo la Chauta timaliimba m'nyimbo za m'tchalitchi. Lero mwana akalitchula pa sewero ndiye lasanduka tchimo?

Tinene zoona, Akonzi. Chidawawa si mzimu ayi, ndi ndowa ija. M'dera muno aliyense amadziwa anthu amene amakoloweka sikelo pansi pa mtengo mwezi wa Epulo ndi Meyi, alimi akasowa ndalama ya sopo ndi fizi, n'kugula chimanga pa mtengo wolira, wotsika kuposa umene Unduna wa Zamalimidwe umalengeza chaka ndi chaka. Chimanga chomwecho amachitsekera m'nyumba, Januwale ndi Febuluwale akafika n'kuchigulitsa kwa mlimi yemwe uja pa mtengo woti agulitse mbuzi kapena njinga. Ena mwa anthu otere amakhala mipando yakutsogolo pa misonkhano ya sukulu. Ana amaona zimenezi. Amawaona amayi awo akubwerera kumsika akung'ung'udza kuti thumba lodzadza laweruzidwa kuti ndi loperewera. Adangotenga zimene amaona n'kuziika pabwalo, ndipo wina zidamulasa.

Dziko lino umbombo watidya mokwanira. Tidaona Cashgate mu 2013, ndalama za boma zikupezeka m'mabuti a galimoto zipatala zilibe mankhwala. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, eni mashopu ena adakweza mitengo ya katundu amene adali kale pashelefu usiku umodzi wokha. Shuga akasowa amabisidwa kuseri, mafuta akasowa amapezeka m'zigubu pa mtengo wowirikiza. Onsewa adali ana a sukulu tsiku lina. Mwina akadaonera sewero ngati limeneli mpaka kumapeto, mmodzi kapena awiri akadachita manyazi. Timalira tsiku ndi tsiku kuti achinyamata alibe umunthu, koma akayesa kuphunzitsana umunthu timawalanda chimkuzamawu.

Malamulo a dziko lino sali kumbali ya bambowa. Gawo 26 la Malamulo Oyendetsera Dziko limapatsa munthu aliyense ufulu wotenga nawo mbali pa chikhalidwe chimene wasankha, ndipo gawo 33 limateteza ufulu wa chikumbumtima, chipembedzo ndi maganizo. Sukulu ija ndi ya boma, si ya mpingo wa wapampando. Masewero ndi nthano zili m'maphunziro amene Unduna wa Zamaphunziro udavomereza, ndipo mphunzitsi amene adathandiza anawa ankagwira ntchito imene amalipidwira. Komiti ya sukulu tidaisankha kuti iyang'anire zimbudzi, madesiki ndi ndalama za chitukuko, zimene mpaka lero sitidamvepo lipoti lake lomveka. Sitidaisankhe kuti izitiuza zoti tiseke ndi zoti tisaseke.

Pempho langa lipite kwa mlangizi wa zamaphunziro wa zoni yathu ndi a ofesi ya zamaphunziro paboma: sukulu ikangotsegulira, aitanitse makolo, mafumu ndi atsogoleri a mipingo yonse, anawa asewere sewero lawo kuyambira poyamba mpaka pothera popanda wowadula. Wapampando apepese kwa ana ndi kwa mphunzitsi wawo pamaso pa anthu, monga momwe adawanyozera pamaso pa anthu. Akakana, makolo tisankhe wina. Ndipo a bungwe loona za miyezo abwere adzayese masikelo a pamsika wathu nyengo yokolola isadafike.

Kholo lokhudzidwa,
Dedza