Chilengezo: Maphunziro athu a Chizulu asamakwiririke

Abale ndi alongo a m'gulu lathu la pa WhatsApp lophunzira Chizulu kuno ku Johannesburg, moni nonse.

Sabata yatha mayi wina anandiimbira ali pa renki ya Bree, akufunafuna uthenga uja tinaphunzitsana mmene timapemphera kutsika mu takisi. Anapukusa foni mpaka batire kutha osaupeza, poti unakwiririka ndi moni wa m'mawa ndi zithunzi. Zinandiwawa ndithu, chifukwa achimwene amene anaulemba anaukonza ndi mtima wonse.

Ndiye kuyambira Lolemba, phunziro lililonse liziyamba ndi liwu limodzi la zilembo zazikulu: TAKISI, NTCHITO, CHIPATALA, MSIKA kapena GALAMALA. Mukaiwala "ngicela ukwehla" (ndikupempha kutsika), mungolemba TAKISI pofufuzira paja, zonse zituluka. Otumiza voice note, makamaka pophunzitsa katchulidwe ka c, q ndi x kamene kamatipinda lilime ambirife, chonde lembaninso mzere umodzi wonena mutu wake, kuti tidzaipeze mosavuta.

WhatsApp imalola kupina mauthenga 3 okha, osapitirira masiku 30, choncho ma admin tizisinthasintha. Ena amene akusangalatsani, ikani nyenyezi nokha.

Moni, malonda ndi mauthenga a maliro tizitumiza ku gulu lachiwiri lija.