Kalata kwa makolo: mabuku a sukulu ndi zowerenga za pa tchuthi

Okondedwa makolo ndi onse olera ana,

Landirani moni kuchokera kwa aphunzitsi ndi komiti ya sukulu. Teremu yoyamba yatha, ana alemba mayeso, ndipo malipoti awo abwera pamodzi ndi kalata ino. Kwaya yathu yaimba bwino teremu yonse, atsikana a mpira wamanja atisangalatsa, ndipo kalabu ya zachilengedwe yafesa mbande zoti tiwoke mvula ikakhazikika. Amayi ophika phala, zikomo kwambiri.

Koma nkhani yomwe yatipweteka mtima ndi ya mabuku. Chiyambire teremu tinalola ana a Sitandade 3 mpaka 8 kubwereka mabuku a mu laibulale kupita nawo kunyumba, buku limodzi kwa masabata awiri. Ambiri sanabwerere. Omwe abwerera, ena alibe chikuto, ena anyowa, ena adontheredwa mafuta a zitumbuwa. Choipitsitsa, masamba okhala ndi chidindo cha sukulu apezeka atakulungira mtedza ndi mandasi pafupi ndi geti pathu pomwepa. Mwana sangang'ambe buku lathunthu n'kulipereka kwa wogulitsa popanda wamkulu kuona. Buku limodzi likatayika, ana onse amene amadikira pamzere kuti aliwerenge amanidwa, ndipo ndalama zogulira lina sukulu ilibe.

Choncho tagwirizana ndi komiti motere. Dzina la buku lomwe mwana wanu sanabweze lalembedwa kuseri kwa lipoti lake. Libwezedwe sabata yoyamba yotsegulira. Ngati latayika, bwerani nokha ku ofesi, osati kutuma mwana, tidzakambirane zogula lina lofanana nalo. Palibe mwana amene adzabwezedwe pakhomo chifukwa cha buku, koma sadzabwerekanso lina mpaka nkhani yake itatha. Chonde tithandizane, yang'anani pansi pa bedi, m'zikwama zakale ndi kwa anansi kumene ana amasewera. Buku likapezeka litang'ambika, libwere momwemo, musachite nalo manyazi.

Mabuku ambiri akuwonongeka chifukwa cha kasungidwe, makamaka tsopano mvula yayamba. Buku lililonse likutidwe kawiri, poyamba ndi pepala lolimba la khaki kapena kalendala yakale, kenako ndi pulasitiki yokhuthala pamwamba. Pepalalo lipose buku ndi zala zitatu mbali zonse kuti lipindikire mkati bwino. Chakudya chisalowe m'thumba limodzi ndi mabuku, chifukwa mafuta sachoka papepala ndipo fungo lake limaitana mphemvu ndi makoswe. Kunyumba buku lisagone pansi kapena kutsamira khoma la chinyontho, chiswe chimalimaliza msanga. Ngati mulibe shelefu, ndowa youma yokhala ndi chivindikiro ndi yokwanira.

Buku likanyowa musaliyanike padzuwa kapena pafupi ndi mbaula, masamba amakwinyika ndipo guluu wa kumsana amasweka. Liimikeni chilili pamthunzi podutsa mphepo, masamba atatambasuka. Ikani pepala louma losalembedwa pakati pa masamba 20 aliwonse, ndipo muzilisintha likanyowa. La nyuzipepala limasiya inki. Likatsala pang'ono kuuma, litsekeni n'kulitsindika ndi chinthu cholemera usiku umodzi. Mabuku a zithunzi a masamba osalala ndiwo ovuta, akauma ali otseka masamba amamatirirana osalekananso, ndiye alekanitseni limodzilimodzi akadali onyowa. Tsamba likathothoka musalimate ndi selotepi, imasanduka yachikasu n'kumatuka, pepala n'kutsala ndi banga. Liikeni mkati mwa bukulo libwere kuno, tili ndi guluu woyera wa matabwa amene timapaka pang'ono chabe kumsana. Uzaninso ana asiye kupindira chikuto kumbuyo powerenga ndi kukulunga buku kuti lilowe m'thumba la kabudula, ndiko kumathyola msana.

Ngakhale zili choncho, sitikufuna ana akhale tchuthi chonse osawerenga. Kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4, buku la Chichewa la m'kalasi ndi lokwanira, abwereze nkhani zomwe aphunzira kale mokweza. Kubwereza ndiko kumathandiza mwana kusiya kudodoma pa liwu lililonse. Kwa a Sitandade 5 mpaka 8, aphunzitsi a Chichewa asankha mabuku atatu omwe amawakonda. Sikusinja ndi Gwenembe la J.W. Gwengwe ndi nkhani ya abale awiri ndi nsanje, ndipo ana salisiyira panjira. Nzeru za Kale la Kumakanga limafotokoza miyambi, lomwe ndi thandizo lalikulu kwa amene akukonzekera mayeso a MANEB. Nthondo la Samuel Ntara, lomwe linatuluka mu 1933, kalembedwe kake ndi kakale ndipo mawu ena mwana sawadziwa, choncho ndi labwino kuwerengera agogo, iwo azimasulira. Masamba a Chichewa a m'nyuzipepala za kumathero a sabata nawonso ndi abwino, bola muyambe mwaona nokha nkhani zake, zina si za ana.

Mabukuwa mukhoza kukafunsa ku nthambi ya National Library Service m'tauni muno, kapena kwa ogulitsa mabuku akale ku Limbe ndi m'misika. Pogula, tsegulani muone ngati masamba omaliza alipo, ndipo buku lokhala ndi chidindo cha sukulu iliyonse musagule, n'lakuba. Kuti mudziwe ngati buku la Chingerezi likumuyenera mwana, awerenge tsamba limodzi, apinde chala pa mawu aliwonse amene sakuwadziwa. Zala zisanu zikatha tsamba lisanathe, bukulo lamukulira, mupezereni losavuta.

Mphindi 20 patsiku n'zokwanira, madzulo kusanade poti magetsi amathimathima. Kholo losadziwa kuwerenga lisadzione ngati lilibe gawo. Khalani ndi mwanayo akamawerenga, mvetserani, akamaliza mufunseni kuti nkhaniyo imakamba za yani, chinachitika n'chiyani, nanga iye akanatani. Mwana aliyense wa Sitandade 5 mpaka 8 adzabwere ndi mizere isanu yofotokoza buku lomwe wawerenga ndi chifukwa chomwe mnzake ayenera kuliwerengera. Tidzaimata pakhoma la laibulale.

Sukulu idzatsegulidwa mu Januwale pa tsiku lomwe lalembedwa pa lipoti. Msonkhano wa makolo udzakhala Lachisanu la sabata yachiwiri nthawi ya 2 koloko masana, ndipo nkhani ya mabuku idzakhala yoyamba. Ana asamasewere m'mitsinje ndi m'ngalande nyengo ino ya mvula. Tikufunirani Khirisimasi yabwino ndi chaka chatsopano chamtendere.

Ine wanu,
Mphunzitsi Wamkulu