Tilembereniko za Bishop Auckland

A Mkonzi,

Tsamba lanu la masewero limadzaza ndi nkhani za Manchester United, koma chonde tsiku lina mudzalembeko za Bishop Auckland, timu ya m'tauni yaing'ono ku County Durham, kumpoto kwa England. Idayamba mu 1886 ndipo siidalowepo mu Football League, ligi ya matimu a osewera olipidwa, komabe idatenga chikho cha FA Amateur Cup, cha matimu a osewera osalipidwa, maulendo 10, katatu motsatizana kuyambira 1955 mpaka 1957.

Chimene chimandikhudza mtima kwambiri chidachitika mu 1958. Ndege itagwa ku Munich, m'dziko la Germany, n'kupha osewera 8 a United, katimu kameneka kadatumiza anyamata ake atatu kukathandiza anzawo ali pachisoni: Bob Hardisty, Derek Lewin ndi Warren Bradley. Bradley, yemwe adali mphunzitsi wa pasukulu, adakhazikika komweko mpaka adasewerera timu ya dziko la England.

Ife ochemerera United kuno kwathu tikufuna kuwerenga mbiri imeneyi yonse m'nyuzipepa yanu.

Wokonda mpira,
Zomba