Malo a Bears Ears asamangodalira siginecha ya pulezidenti

A Mkonzi,

Ndipatseniko kadanga ndinenepo za nkhani ina ya kuno ku America yomwe anzathu ambiri amangoilumpha poti si ya ma visa kapena ya dola, koma ine ikundisowetsa mtendere. Ndi nkhani ya malo otetezedwa a boma, makamaka Bears Ears wa kuno ku Utah komwe ndikukhala.

Kuno kuli lamulo lakalekale la 1906, Antiquities Act, lomwe limati pulezidenti akaona malo a boma ali ndi zinthu zamakedzana atha kungosayina basi malowo nkukhala otetezedwa, osadikira aphungu a ku Congress. Obama analigwiritsa ntchito mu Disembala 2016 nkuteteza maekala 1.35 miliyoni a Bears Ears, ndipo sikuti anachita kulota ayi, mitundu isanu ya eni nthaka, a Navajo, Hopi, Zuni, Ute Mountain Ute ndi Ute Indian Tribe, ndi imene inakhala pansi nkukapempha, chonsecho a Hopi ndi a Navajo kwa zaka zambiri sankamwerana madzi pa nkhani za malo zomwezi. Chaka chisanathe, pa 4 Disembala 2017, Trump anatulukira ku Salt Lake City nkudula malowo ndi 85 peresenti, tsiku lomwelo nkudulanso pafupifupi theka la Grand Staircase-Escalante, malo ena a kuno ku Utah omwe Clinton anateteza mu 1996. Biden anabwezeretsa zonse mu Okutobala 2021. Ndiye mu 2025 maloya a unduna wa zachilungamo analemba zoti pulezidenti ali ndi mphamvu yofafaniziratu malo oterewa, kutsutsa zomwe boma lomwelo linanena mu 1938. Mwaiona game yake? Uyu asayina, winayo afufuta, wina asayinanso, ndipo milandu yomwe mitundu ija inakamang'ala mu 2017 inangoima osagamulidwa, mpaka pano khoti silinanene ngati kudulako kuli kololedwa.

Amene sanafikeko amaganiza kuti ndi chipululu chabe cha miyala yofiira. Ine nditapitako ndinaona tinkhokwe tamiyala tomata ndi dothi pansi pa matanthwe, m'dothi lomatalo zala za amene anamata zikuonekabe, pansi pali zitsononkho za chimanga zing'onozing'ono ngati chala, ndi mapale ojambulidwa mizere yakuda ali mbwee poti ukapanda kusamala uwaponda. Akatswiri amati malo akale oterewa alipo oposa 100,000 m'deramo, kuphatikizapo manda. Anthu a mitundu ija mpaka lero amapita kukatola nkhuni, kukumba mankhwala ndi kuchita miyambo yawo. Komanso akuba alipo, mu 2009 boma linagwira anthu ambirimbiri ku tauni ya Blanding, pafupi ndi Bears Ears, chifukwa chofukula ndi kugulitsa zinthu zakalezi, ndiye musamve zoti malowa amadziteteza okha.

Mbali inayo ndimaimva ndithu, sindingoinyoza. Pafupifupi magawo awiri mwa atatu a nthaka ya Utah ali m'manja mwa boma la ku Washington, ndipo mlimi wa ng'ombe wa ku San Juan County, dera lomwe kuli Bears Ears, akamadandaula kuti munthu wokhala kutali akumuikira malamulo pa msipu womwe agogo ake ankadyetsapo, ali ndi mfundo. Koma tisanamizane, si ng'ombe zokha zili kuseri kwa nkhaniyi. Pansi pa chitunda cha Kaiparowits ku Grand Staircase pali malasha, ndipo m'mphepete mwa Bears Ears muli fakitale ya White Mesa yoyenga uranium, mwala womwe uja wa ku Kayelekera, ndipo zinadziwika kuti kampani yake Energy Fuels inakanyengerera boma mu 2017 kuti malire abwerere m'mbuyo. Apa mpamene ine pamandipweteka, chifukwa pulezidenti wotsatira atha kubweza malire pa mapu koma sangabweze manda oti bulldozer yadutsapo, madzi akatayika saoleka. Oteteza akuyenera kupambana ulendo uliwonse pomwe okumba akungofuna apambane kamodzi kokha basi.

Chomwe chinandipatsako mtima ndi zomwe zinachitika mu Juni 2025. Senator wathu Mike Lee anafuna kulowetsa mu bilu ya bajeti zoti boma ligulitse malo ake ena, akuti anthu amangepo nyumba. Anthu anakwiya heavy, osati a zachilengedwe okha ayi, alenje ndi asodzi omwe ambiri amavotera chipani chake chomwecho ndi amene anasokosa kwambiri, mpaka Ryan Zinke, yemwe uja anali nduna yoona za malowa nthawi yomwe Bears Ears ankadulidwa, naye anakana zogulitsazo, Lee uja nkuchotsa ganizo lakelo. Zinatheka chifukwa nkhaniyo inali ku Congress komwe phungu aliyense ali ndi foni yoti anthu ake amuimbire. Pomwe siginecha ya munthu mmodzi ku White House umangoimvera pa nyuzi zitatha kale.

Nde ine pempho langa ndi lakuti Congress ikhazikitse Bears Ears ndi Grand Staircase m'lamulo lenileni, ngati momwe inachitira ndi Grand Canyon, yemwe Theodore Roosevelt anamuteteza ndi siginecha mu 1908 kenako aphungu nkumusandutsa paki mu 1919, pano palibe amene amayerekeza kumudula. Ndipo mgwirizano wa 2022 woti mitundu isanu ija iziyendetsa nawo malowa ulowenso m'lamulolo, alimi a ng'ombe nawo aitanidwe msipu wawo ulembedwe bwinobwino. Anzanga amene muli ndi mapepala ovotera kuno, muimbireni phungu wanu, nambala za maofesi awo zili pa intaneti ndipo mafoniwo amayankha.

Ndine wowerenga wanu,
Salt Lake City, Utah