Mpira Kaye, Dothi Pambuyo

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira kuti nonse mukudzuka bwino, iwe, mpongozi wanga ndi adzukulu anga. Kuno kulibe chodandaula.

Kavidiyo kako kaja ndakaonera, osati kamodzi ayi, kangapo konse, ndikumakaimitsa pamene ndodo ikukhudza mpira. Ndaganiziranso zimene unanena pa foni, zoti gofu wakutopetsa, kuti lero mpira ukuuluka bwino koma mawa lake ukungokumba pansi, ndiponso zoti ukufuna kugula ndodo zatsopano. Sindinakuyankhe zambiri tsiku lija chifukwa mawu ako anali a munthu wokhumudwa, ndipo munthu wokhumudwa malangizo salowa. N'chifukwa chake ndakhala pansi kuti ndilembe. Ndodo zatsopanozo usagule kaye. Zimene uli nazo zilibe mlandu.

Chimene ndaona ndi ichi. Pa nthawi imene ndodo ikufika pa mpira, thupi lako likadali kumbuyo, latsamira mwendo wakumanja, ndipo manja ako akupinda ngati munthu wofuna kutapa madzi. Ukufuna kuunyamula mpirawo, kuuthandiza kuti ukwere. Mtima umenewo ndimaudziwa, chifukwa aliyense woona mpira uli pansi ndipo akuufuna m'mwamba amaganiza zoulowa kunsi. Koma ntchito yokweza mpira si yako. Amene anapanga ndodo anaimaliza kale. Tayang'ana nkhope (mbali yomenyera mpira) ya ayironi 7 yako, ndodo yachitsulo ija ya nambala 7, yapendekeka madigiri opitirira pang'ono 30. Kupendekeka kumeneko ndiye kumakweza mpira. Yako ndi kutsitsa ndodo kuti imenye mpira ikadali kutsika.

Ndodo ikamazungulira thupi imayenda ngati uta, ndipo uta umenewo uli ndi malo amodzi otsikitsitsa. Nkhani yonse ya kamenyedwe kabwino yagona pa malo amenewo. Pa ayironi, malowo ayenera kukhala kutsogolo kwa mpira, cha kumene ukulowera, masentimita angapo chabe. Ndodo ikhudze mpira kaye, kenako idule kapinga. Kwa iwe malowo ali kumbuyo kwa mpira. Ndodo ikafika pansi msanga, ukumba dothi ndipo mpira ungodumpha pang'ono. Ikaphonya dothilo, imakhala yayamba kale kukwera, ndiye imagunda mpira pamimba ndi mlomo wake wakunsi, mpira n'kumathamanga pansi, manja ako n'kuchita dzanzi. Unandiuza kuti uli ndi mavuto awiri, kukumba ndi kugunda pamwamba. Ndi nthenda imodzi, mwana wanga, imangosintha nkhope.

Inenso ndinadwala nthenda yomweyi zaka zambiri, iwe usanabadwe. Tsiku lina ndikuyeserera ndekha, mkulu wina amene ankamenya chapafupi anabwera n'kuima pambali panga osalankhula. Nditamenya mipira itatu anatenga tii, kachikhomo koikapo mpira, m'thumba, anawerama n'kujambula mzere pansi, pakati pa mapazi anga, wolunjika kuchokera kwa ine kupita kutsogolo kwanga. Anakankha mipira yanga yonse ndi phazi n'kunena kuti, "Menyani pansi, koma kumanzere kwa mzerewu." Ndinamenya kakhumi. Titawerama kuyang'ana, mabala asanu ndi atatu anali kumanja kwa mzere, ena kutali ngati chikhatho chathunthu. Ndinachita manyazi, koma ndinamasukanso, chifukwa kwa nthawi yoyamba ndinaona ndi maso chinthu chimene chinkandizunza. Mkuluyo sanandiuze za chigongono kapena mapewa. Anangoti ndibwere mawa ndidzajambule mzere wina.

Iwenso uchite zomwezo. Pita pamalo oyeserera, upeze pomwe pali kapinga weniweni, chifukwa kapeti wa pulasitiki amanama: ndodo ikagunda kumbuyo imatsetsereka n'kukapeza mpira, iwe n'kumaganiza kuti wamenya bwino. Jambula mzere, usaike mpira, umenye kokwana 20, ndipo uwerenge mabala amene ayambira pamzere kapena kutsogolo kwake. Lemba nambalayo. Ukafika pa 15 mwa 20, ika mpira pamzere pomwepo, koma maganizo ako akhalebe pa dothi la kutsogolo kwa mpira. Ngati kumene umayeserera kuli kapeti yekhayekha, yala kathaulo kopyapyala kumbuyo kwa mpira, kutalika kwa chikhatho, ndipo uzimenya osakagusa. Dothi silikondera munthu. Anzako angakuuze kuti wazunguza ndodo mokongola, koma bala limene ndodo yasiya ndilo limanena kumene inafika.

Tsopano chimasuntha malo otsikitsitsawo n'chiyani? Chachikulu ndi kulemera kwa thupi. Ukamakweza ndodo, uzitembenuka, osati kusendera kumanja. M'kavidiyo kako chiuno chikuyenda chonse kupita kumanja, moti bondo lakumanja likutulukira kunja kwa phazi, ndipo kuchokera kumeneko n'kovuta kubwerera pa nthawi yake. Tembenuza msana uloze kumene mpira ukupita, kulemera kukhale m'kati mwa phazi lakumanja. Ndiye ndodo isanayambe kutsika, ponda ndi phazi lakumanzere. Kutsika kumayambira pansi: phazi, chiuno, chifuwa, mikono, ndodo pomalizira. Iwe ukuyambira m'manja. Ukamaliza kumenya uzitha kuima pa mwendo wakumanzere, lamba ataloza kumene mpira wapita, phazi lakumanja litangotsala chala pansi, mpaka mpira utatera. Ukalephera kuima choncho, dziwa kuti thupi linatsalira.

Chachiwiri n'chosavuta, koma anthu amachinyozera: pamene waika mpira. Pa ayironi 7 ukhale pakati pa mapazi kapena kutsogolo pang'ono. Wako wasendera kwambiri kuphazi lakumanzere, mwina osadziwa, chifukwa zinthu izi zimasuntha pang'onopang'ono. Goneka ndodo ina pansi pakati pa mapazi kuti uone. Chachitatu ndi manja. Pa nthawi yogunda, manja akhale patsogolo pa mutu wa ndodo, cha pa ntchafu yakumanzere, ndipo kuseri kwa dzanja lakumanzere kukhale kowongoka, osapindikira m'mwamba. Koma usalimbane ndi manjawo paokha. Thupi likapita kutsogolo ndi kupitiriza kutembenuka, manja amatsatira okha. Amapinda chifukwa thupi laima ndipo ndodo ikufunabe kufika pa mpira.

Njira yabwino yophunzirira zimenezi ndi kumenya theka. Tenga ayironi 9 kapena weji, ndodo zazifupi za nkhope yopendekeka kwambiri, kweza mpaka mkono wakumanzere ulingane ndi pansi, menya, umalizire pa msinkhu womwewo mbali inayo. Mpira usapite kutali, zilibe kanthu. Mvetsera phokoso. Mpira womenyedwa bwino umalira mouma, kuti khwa, kenako kachigamba ka kapinga kopyapyala n'kuulukira kutsogolo. Wokumba umalira mogontha. Makutu ako adzaphunzira msanga kuposa mutu.

Pali langizo lina limene anzako akhala akukuuza, ndinawamva m'kavidiyo muja, loti usadzutse mutu. Lisamale langizo limeneli. N'zoona kuti katswiri wa gofu Jack Nicklaus ali mnyamata, mphunzitsi wake Jack Grout ankauza womuthandizira kuti amugwire tsitsi pomenya kuti mutu usamayendeyende, ndipo munthu ameneyo anadzapambana mipikisano ikuluikulu 18. Koma chimene ankaletsa ndi kusendera uku ndi uku, osati kutembenuka. Ukakanikiza chibwano pachifuwa n'kumangoyang'ana pansi mpira utapita kale, mapewa amasowa podutsa, thupi limaima, manja n'kupinda, nthenda ija n'kubwerera. Annika Sörenstam, mmodzi wa akazi omenya molunjika kwambiri amene gofu waonapo, ankatembenuza mutu kutsatira mpira pa nthawi yomweyo yogunda. Mutu ukhale pakati, koma usaumange.

Ukathana ndi dothi, kudzatsala funso lina: mpira ukukhudza pati pa nkhope ya ndodo? Mpirawo ndi waung'ono, mamilimita osakwana 43 m'mimba mwake, ndipo umakhala pa nkhope ya ndodo pafupifupi theka la gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Palibe chimene ungakonze pa nthawi imeneyo, ndipo maso sangaone. Choncho popera nkhopeyo mankhwala aufa oyera aja opopera kumapazi, kapena paka inki yofufutika pa mpira, umenye mipira isanu, uyang'ane zidindo. Zikakhala kuchidendene, pafupi ndi mtengo wa ndodo, mwina waima pafupi kwambiri, kapena chiuno chako chikukankhira kumpira potsika. Zikakhala kunsonga, mwina watalikira kapena ukudzuka. Kuti chiuno chisathawire kutsogolo, ima matako atakhudza mpando kapena chikwama cha ndodo, ndipo uzizunguza osachokapo mpaka mpira utapita. Upukute nkhopeyo usanalowe m'bwalo, chifukwa malamulo salola kusewera ndodo itapakidwa zinthu zotere.

Za mpira wako wokhotera kumanja uja sindichulukitsa lero. Dziwa chabe kuti makina oyeza mpira monga TrackMan anatsimikiza kuti mpira umayambira kwambiri kumene nkhope ya ndodo yaloza, ndipo umakhota malinga ndi kusiyana kwa nkhopeyo ndi njira imene ndodo yadzera. Wako ukukhotera kumanja chifukwa nkhope ili yotsekuka, ndiko kuti yaloza kumanja, poyerekeza ndi njirayo. Yang'ana dzanja lakumanzere utagwira ndodo: uzitha kuona mfundo ziwiri kapena zitatu za zala. Iwe ukuonetsa imodzi. Ndodo igone m'zala, osati pakati pa chikhatho. Ndipo usaifinye. Ndinaona mitsempha itatuluka m'mikono yako usanayambe n'komwe kukweza.

Dilaiva, ndodo yaitali yomenyera kutali ija, ndi nkhani ina, usasakanize. Mpira uli pa tii, m'mwamba kale, ndiye umaikidwa cha kuchidendene cha phazi lakumanzere ndipo ndodo imaupeza italingana kapena itayamba kukwera pang'ono. Dilaivayo ipume m'chikwama milungu itatu pamene ukuyeserera. Ndikudziwa kuti ndiyo umaikonda, koma imakuphunzitsa kutsamira kumbuyo, chinthu chomwe tikufuna kuchichotsa pa ayironi.

Ukuthamangitsanso ndodo. Ukafika pamwamba sudikira kuti thupi limalize kutembenuka, wayamba kale kugwetsa. Kwa akatswiri ambiri kukweza kumatenga nthawi yochuluka katatu kuposa kutsitsa. Werenga mumtima: modzi, wiri, tatu pokweza, kenako menya. Kuthamanga sikufika. Liwiro likufunika pansi pomwe pali mpira, osati pamwamba pa mutu wako.

Tsopano ndikuchenjeze, chifukwa ndimakudziwa kuyambira uli wamng'ono: ukafuna chinthu umachifuna lero. Ukayamba kusintha, udzayamba waipiraipira. Kamenyedwe kolondola kadzamveka kachilendo, kolakwika kadzamveka ngati kwanu, ndipo pa dzenje lachitatu udzafuna kubwerera ku zakale. Tiger Woods anapambana mpikisano waukulu wa Masters mu 1997 ku Augusta posiya womutsatira ndi mikwingwirima 12 (kumenya mpira kamodzi ndi mkwingwirima umodzi, ndipo wochepetsa ndiye amapambana), komabe anaona kuti kamenyedwe kake kakudalira kwambiri manja, ndipo anakasintha pamodzi ndi mphunzitsi wake Butch Harmon. Mu 1998 anangopambana kamodzi pa PGA Tour, mipikisano ya akatswiri ya ku America, anthu n'kumati wadziwononga. Mu 1999 anapambana kasanu ndi katatu, ndipo mu 2000 anatenga mpikisano wa US Open ku Pebble Beach posiya anzake ndi mikwingwirima 15. Ngati munthu woyeserera tsiku ndi tsiku zinamutengera chaka ndi miyezi, iwe wamasiku awiri pa mlungu usadziweruze pa Loweruka limodzi.

N'chifukwa chake, ngakhale ndalemba zambiri, ndikufuna utengepo ziwiri zokha mwezi uno: mzere uja, ndi kuponda kumanzere. Zinazo zisunge, kalatayi siithawa. Chimene chakusokoneza kwambiri ndi mavidiyo a pa YouTube amene umaonera usiku, aliyense ndi mankhwala ake, ena a nthenda zimene ulibe. Munthu sangaime pa mpira ndi maganizo asanu n'kumenya bwino. Ngati ungathe, ndalama zimene unasungira ndodo zija upatuleko zolipira mphunzitsi wodziwa ntchito, akuone maulendo atatu kapena anayi, chifukwa maso a munthu woima pambali pako amaona zimene ine sindingazione pa kavidiyo kojambulidwa mbali imodzi. Ndipo ukalowa m'bwalo kukasewera ndi anzako, zoyeserera uzisiye kunja. Sankha pomwe mpira ukatere, umenye, uyende.

Msana wako uusamale. Usamatsike m'galimoto n'kuyamba ndi mphamvu zonse. Dziwongole kaye, yamba ndi weji mipira khumi yofewa. Kutsamira kumbuyo kumene ukuchitaku kumapweteketsanso msana wakunsi, ndipo ndinaona mmene unaugwirira utamaliza kumenya. Ukapitirira kuwawa ukaonane ndi dokotala, usalimbe nawo mtima.

Chinandiwawa pa foni paja si mpira wokumba ayi, koma kumva ukunena kuti mwina ungosiya. Ndimakumbukira tsiku limene unamenya mpira wako woyamba kuuluka, ndi kandodo kamene ndinakudulira, mmene unatembenukira kundiyang'ana pakamwa pali yasa. Ndikufunabe kuyenda nawe mabowo 18 miyendo yangayi ikadalola.

Ukamenya 20 yoyamba ija, ujambule chithunzi cha mzere ndi mabala ake, utaima pamwamba pake, unditumizire. Kavidiyo kotsatira akujambule wina ataima moyang'anizana nawe, foni ili pa msinkhu wa chiuno, kuti ndione bwino mwendo wakumanzere. Mayi ako akupereka moni, akuti uwapsompsonere adzukulu. Undiperekerenso moni kwa mpongozi wanga.

Ndine,
Bambo ako