Tikamvana kunja kwa khothi, tisathamangire kutseka mlandu

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule za anthu amene akutaya ndalama zawo pomwe mlandu unkawakomera. Munthu waphwanya mgwirizano, mwamusumira, samani yamupeza. Apo ndiye amabwera ndi achibale ndi akuluampingo, nkhope yakugwa: "Tiyeni tingokambirana, zakukhothi zimadanitsa." Kukambirana n'kwabwino ndithu. Ngakhale malamulo a Khothi Lalikulu a 2017 amafuna kuti milandu yambiri yotereyi idzere kaye kwa mkhalapakati. Chondipweteka n'chakuti ambiri tikangogwirana chanza timathamangira kukatseka mlandu, m'manja muli lonjezo lokha. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo.

Mayi wina woumba njerwa kwathu kuno anapereka uvuni wathunthu kwa kontirakitala amene anangolipira theka. Mayiwo atasuma, bamboyo anapepesa, nalemba papepala long'amba m'kope kuti azipereka pakutha pa mwezi uliwonse. Analipira mwezi woyamba, kenaka foni osayankhanso. Mayiwo atabwerera kukhothi, pepala lija lili chipindire pansonga ya chitenje, anauzidwa kuti mlandu anautseka okha, ndipo pepalalo ndi pangano latsopano lofunika kulisumira pachiyambi. Ndalama yathiransipoti inali itatha, anyamata amene anaponda dothi akuwadikira pakhomo.

Pangano lomwelo akanalitengera kwa woweruza, mbali zonse n'kusaina, khothi n'kulivomereza ndi kudindapo, likanakhala ndi mphamvu ngati chigamulo. Wolonjezayo akazemba simuyambanso kuitana mboni. Mumangopempha khothi kuti likakamize, asherifu n'kukalanda katundu wake kukagulitsa, kapena khothi n'kulamula banki kuti ikupatseni ndalama zochokera mu akaunti yake. Panganolo lizitchula ndalama zonse, masiku olipira, ndi kuti akaphonya kamodzi ngongole yonse yotsala ifunike nthawi yomweyo. Mfundo yomalizayi ndiyo ambiri amaiiwala, ndipo ndi imene ozemba amaiopa.

Ena akatopa amathamangira kupolisi. Ngongole wamba si mlandu wapolisi, ndipo kutsekeretsa munthu m'chitokosi sikubweza ndalama. Tisaiwalenso kuti lamulo limapereka zaka 6 zosumira wophwanya mgwirizano. Wokuuzani "mawa, mawa" nthawi zina akuwerenga zakazo pomwe inu mukuwerenga ubale.

Pempho langa lipite kwa a Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza pamilandu anthu osatha kulipira loya, ndi akalaliki am'makhothi a majisitireti. Munthu akabwera kudzatseka mlandu ponena kuti amvana, muzimufunsa kaye ngati ndalama walandira zonse. Ngati sanalandire, mumufotokozere m'chilankhulo chake kuti angathe kulembetsa panganolo pakhothi pomwepo. Nkhaniyi imvekenso pawailesi, chifukwa oumba njerwa, osoka mayunifomu ndi alimi ogulitsa pangongole alibe loya wowanong'oneza.

Wowerenga wanu,
Ku Lunzu